Amayi a Faya

"Bwana, makinawo sadziwa kuiwala," ndinawachenjeza a Namakhwa, loya amene ndinkawatayipira makalata ku Zomba. Anangoseka.

"A Getrude, chino ndi chaka cha 1992. Mukufuna atikwirire ndi bokosi la makadi?"

Wogulitsa wa ku Blantyre anatisonyeza mapulogalamu awiri a kompyuta osungira milandu. Bwana anasankha yomwe inkafuna dzina lonse la munthu, mudzi wake ndi mfumu yake.

Bokosi lija ndinkalikonda. Linkanunkhira vanishi, ndipo makadi ake anali atafewa m'mphepete ndi zala zanga. Amayi odzafunsa za amuna awo otsekeredwa popanda mlandu ndinkawalemba ndi dzina la mpunga: "Mayi a Faya, Likangala." Wowazindikira ndinali ine ndekha. Ankakhala pabenchi, akundilerera khanda langa Sophia, ine ndikulemba.

Mayina awo enieni ndinawalowetsa m'makinawo ndi zala zomwezi.

Lero masana, ndili kwathu kwa Kuntumanji, mlamu wanga Lyson wafika panjinga thukuta lili kamukamu.

"Alamu, anthu atatu a boma ovala masuti anyamula kompyuta ija ku ofesi. Afunsanso kuti wotayipa amakhala kuti."

Sophia anali akuyamwa. Ndamusiya amalize.

"Kauzeni a Bizweki, asodzi aja, asamange bwato lawo patali," ndatero. "Dzuwa lisanalowe ndidutsa m'makomo mwa amayi aja kuwachenjeza. Tambala akamalira, ine ndi mwanayu tikhale tili pamadzi, kulowera ku chilumba cha Chisi."