Msewu Wodikira Galimoto

Panali munthu wina kwa Milepa, ku Chiradzulu, dzina lake Vitalis. Amene anandiuza nkhaniyi akuti ndi yoona, inachitika m'zaka za m'ma 1950. Vitalis anali munthu wolota ali maso. Akamalima ankatha kuima, khasu lili m'manja, n'kumayang'ana nkhungu ikutsetsereka paphiri mpaka mkazi wake Bibiana atamudzidzimutsa.

Chaka china akuchokera kosankha fodya ku Limbe anakumana ndi mwamuna wa suti, wolankhula ngati akuimba nyimbo. Mwamunayo anamuonetsa pepala la chidindo chofiira, lolembedwa m'Chizungu chokhachokha.

"Iyi ndi inshuwalansi, achimwene. Muzipereka mashilingi atatu pa mwezi. Mukadwala timatumiza galimoto pakhomo panu. Bedi lanulanu, nsalu zoyera, dokotala wanuwanu. Za mzere wa kuchipatala cha boma muiwale."

Vitalis sankadziwa Chizungu, koma kufunsa anaona ngati kudzitsitsa. Anadinda chala, nabwera kumudzi akuyenda ngati mapazi sakugunda pansi.

Nthawi imeneyo Bibiana anali woyembekezera. Pakachipatala ka boma ka m'deralo, kamene kankayenda ndi msonkho wa anthu, panali mzamba ndi bambo wina wopereka mankhwala, a Nikodemo. Mzamba atamuyeza Bibiana, a Nikodemo anaitanitsa mwamuna wake.

"A Vitalis, mwanayu wagona chopingasa. Masiku akayandikira mayiwa abwere adzadikirire konkuno, kuti zikavuta tiwatumize msanga kuchipatala chachikulu."

"Adzagone pamphasa limodzi ndi a zilonda? Iyayi, ife tili ndi pepala."

"Pepalalo ndiliwerenge."

"Mungalidetse ndi mankhwala anu ofiirawo."

A Nikodemo anangopukusa mutu. "Msonkho mumapereka chaka ndi chaka. Chipatalachi n'chanu, bambo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo."

Koma Vitalis nkhawa yake inali ina: galimoto idzafika bwanji pakhomo popeza kunali kanjira ka mapazi kokha? Masiku otsalawo anawathera kulambula msewu kuchokera pakhomo pake kukafika kumsewu waukulu. Anazula zitsa, anakwirira maenje, m'mbali anayala miyala n'kuipaka laimu. Anthu ankamuseka kuti akudikira bwanamkubwa. Madzulo ankakhala pachulu n'kumaonera fumbi la kutali, ndipo m'maso mwake galimoto ija inkabweradi, yoyera mbee, yosalira n'komwe, ikuyandama pamwamba pa udzu. Ankaona Bibiana atakhala kumbuyo, atafunda bulangete latsopano, akubayibitsa anthu.

"Bambo, ine ndikuopa," anatero Bibiana tsiku lina. "Ndiloleni ndipite kwa azamba."

"Mayi, inu si wapamphasa ayi. Dikirani muone."

Kunena zoona, munthuyu mkazi wake ankamukonda. Chimene chimandipweteka mtima m'nkhaniyi n'chimenecho.

Matenda anayamba m'mamawa wina kukugwa chiperoni. Vitalis anaika pepala m'thumba la malaya, nakwera njinga wa ku Limbe. Anafika dzuwa lili paliwombo. Ofesi ya inshuwalansi ija anaipeza ndithu, ndipo kalaliki analiwerenga pepala lija mosafulumira.

"Pepalali ndi la inu nokha, bambo. Akazi anu mulibemo."

"Koma ndakhala ndikupereka!"

"Mwapereka za thupi lanu. Komanso apa palembedwa kuti uchembere si matenda. Galimoto nayo sipitirira mamailosi asanu kuchokera pano. Kodi sanakuwerengereni?"

Vitalis anagwada pasimenti. Kalaliki anaitana munthu wotsatira.

Kumudzi kuja Idesi, mkulu wake wa Bibiana, atadikira mpaka kuona kuti m'bale wake akufooka, anamemeza amuna anayi. Anamanga machila ndi nsungwi ndi bulangete, nathamanga naye kukachipatala kaja. Kumeneko palibe anafunsa pepala. Anangofunsa dzina ndi mudzi, mzamba n'kutseka chitseko.

Vitalis, atamva kumudzi, anafika kukachipatalako dzuwa litapendeka, matope mpaka m'mawondo. A Nikodemo anamuchingamira pakhonde.

"Mayi apulumuka, koma pang'onong'ono. Akanabwera dzulo bwenzi tikunena zina."

Vitalis anapisa m'thumba. "Ndipereke zingati?"

"Bwezani. Munapereka kale, inu ndi anansi anu onse."

"Nanga mwana?"

A Nikodemo anayang'ana Idesi, amene anakhala pansi chapafupi, mpango uli kukamwa.

"Anabadwa atatisiya kale, alamu," anatero Idesi. "Azimayi tamuika masana."

Paja maliro a khanda lotere amuna sapitako, ndipo pamene lagona sauzidwa. Vitalis anakhala pansi pang'onopang'ono. Anayesa kumuona mwanayo m'maganizo, iye amene ankatha kuona chilichonse, koma sipanabwere kanthu.

"Anali wotani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Wamwamuna. Mphumi anatenga yanu."

Phunziro: Chipatala cha msonkho chili ndi mzere, nthawi zina mankhwala amachepa, koma chimalandira aliyense osayamba chafunsa za m'thumba, chifukwa tonse tinasonkherana. Pepala la wamalonda limasankha woti limuthandize ndi pomwe lilekezere. Ngati mukufuna kulowa inshuwalansi lowani, koma wina akuwerengereni mzere uliwonse musanadinde chala, ndipo azamba akati bwerani msanga, pitani msanga. Musaisunge nokha nkhaniyi. Itumizeni kwa abale ndi anzanu, makamaka amene kwawo kuli mayi woyembekezera.