Kampira ka Ndere

Galimoto inaliza hutala kachiwiri panja, zala zanga zidakali pa maikulosikopu.

"Musasunthe, mayi," anatero amuna anga. "Kakutembenuka."

Chiwagwirereni sitiroko, manja awo sagwira kanthu. Ndine ndimawatungira madzi obiriwira kudziwe, kudontheza pakagalasi, n'kumangirira foni kuti ajambule ndere zawozo. Pafonipo kampira kobiriwira kankagubuduzika pang'onopang'ono, timipira tina tili m'mimba mwake.

Mlamu wanga anasuzumira pawindo. "Alamu, tiyeni! Mng'ono wanu akungotchula dzina lanu kuchipatalako. Adokotala akuti mwina safika mawa ali moyo."

"Ndikubwera!"

"Kaphulika pompano, ana atuluke," anatero amuna anga, malovu akutsikira pachibwano. "Mukachotsa dzanja kathawa."

"Kathawira kuti m'dontho limodzi?"

Sanaseke. Mwana wathu, amene analonjeza kudzakhala nawo, anali asanafike, ndipo foni yake sinkalowa. Bambowo anasiya kuyang'ana ndere zija n'kuyang'ana ine.

"Ndikafuna kuchimbudzi, andinyamula ndani?" ananong'ona.

"Tsogolani, alamu!" ndinakuwa. "Mumuuze kuti andidikire."

Galimoto itanyamuka, ndinawapukuta chibwano, n'kuvula nsapato zanga za paulendo.