Kampira Kakumapeto kwa Waya

Mmisiri wowotcherera zitsulo analowa m'kalasi osagogoda, ovololo ili bii, maso ali psuu. Ana anali atangoweruka. Anamenyetsa patebulo chinthu chimene anatha nacho sabata yathunthu: dzuwa lachitsulo pakati, mawaya naini otuluka m'mbali, waya aliyense ndi kampira kake kumapeto.

Anachipangira mwana wake wotsiriza, kuti mawa lake akapikisane nacho pachionetsero cha sayansi. Koma mwanayo anabwera kunyumba akulira. Madamu akuti kampira kakutali kwambiriko kadulidwe, apo ayi chinthucho sichilowa mumpikisano. Akutinso ngati bambo ako sakumvetsa, abwere okha.

Ndiye anabweradi.

"Mwati ndidule chiyani?" anakalipa. "Ine ndinaphunzira mapulaneti naini inu musanabadwe! Pluto walakwanji?"

Mphunzitsiyo anali mtsikana wachilendo pasukulupo, wa tsitsi lalitali lophimba makutu. Sananjenjemere m'pang'ono pomwe. Anangomuyang'ana bamboyo kuyambira kumutu mpaka kuphazi osaphethira, ndipo kuyang'anako kunangokolezera moto.

Kenako anafotokoza mwakachetechete. Akatswiri a zakuthambo anagwirizana mu 2006 kuti pulaneti iyenera kuzungulira dzuwa, ikhale yobulungira chifukwa cha kulemera kwake, ndiponso izilamulira njira yake, itakoka kapena kukankhira kutali miyala ina yoyenda momwemo. Ziwiri zoyambazo Pluto inakwanitsa. Koma njira yake imadutsa pakati pa chikhamu cha zinzake za ayezi, ndiye anaiika m'gulu la timapulaneti, pamodzi ndi Ceres ndi Eris.

Ha! Apa ndiye anaputa mavu pachisa.

"Anthu akhale pansi atakhuta, akweze manja, basi mwana wachotsedwa pabanja? Poti ali kutali, sangadziyankhulire? Nkhanza zimenezo!" Malovu ankathovokera patebulo. "Ine ndili ndi ana eyiti, Madamu. Onse khutu lakumanzere lopindika ngati langali." Anadzikoka khutulo. "Palibe ndi mmodzi yemwe amene ndingamufufute, kaya akhale kutali chotani. Chibale ndi fupa, sichiola!"

Kunena zoona, bamboyo anayankhula zogwira mtima. Ngakhale mayi wosesa pakhonde anaimika tsache n'kumagwedeza mutu. Munthu wanji mtsikana ameneyu, wouma mtima chonchi, wokakamira za m'buku pamaso pa kholo lachikondi chotere? Mawu onsewo kwa iye anali ngati madzi othira pamwala.

Mtsikanayo anasolola pulayala yomwe inkasuzumira m'thumba la ovololo ya bamboyo. Anapana waya wakumapeto uja ndi manja onse awiri, mano ali gwa. Thyo! Kampira kanagwa, kanagubuduka patebulo, iye n'kukawakha.

"Tsopano mwana wanu alowa mumpikisano mawa," anatero.

Mmisiriyo anatupa ngati finye. Anakweza chala, nalumbira kuti apita kwa ahedi, apita kulikonse, mpaka mtsikana wamwanoyu achoke pasukulupo. Anatola dzuwa lake lamawaya eyiti n'kutembenukira kukhomo.

"Musakadandaule kampiraka, bambo." M'mawu a mphunzitsi tsopano munamveka ukali wosungidwa zaka zambiri. "Pluto siinafe. Ikuzungulirabe dzuwa lomwelo, kutali, m'chisanu. Angosiya kuiwerenga."

Bamboyo anacheuka kuti amulalatire komaliza. Anapeza mtsikanayo akukankhira tsitsi kumbuyo kwa khutu lakumanzere.

Linali lopindika.

"Mwati eyiti?" anafunsa, akumuika kampira kaja m'dzanja. "Amayi anga munawathawa ine ndili kumsana. Werenganinso."