Ntchafu ya Wansembe

"Ntchafu ndi chidale n'zanga," anatero alamu, dzanja lili kale m'mbale ya nkhuku. "Kuyambira kwa Aisiraeli, limeneli ndi gawo la wansembe."

Chiwadzozereni unsembe, alamuwa anasamukira kwa mng'ono wawo, ndipo ana a pakhomopo ankangodya makosi ndi zipalapasiro.

Mayi wa anawo anafunsa mofatsa, "Ndiye zonse za ansembe akalewo mumazitsata, alamu?"

"Osasiyako n'chimodzi chomwe!"

"Mulungu alemekezeke. Paja ankayang'ananso zilonda za anthu, eti?"

Alamu anavomera ndi mutu, m'kamwa muli tho.

M'mawa mwake anadzutsidwa ndi phokoso pakhonde. Mayi uja anali atalengeza kuchitsime kuti kwabwera wansembe woyang'ana zilonda. Panali agogo a bala lonunkha, kalipentala wa chithupsa pamalo osatchulika, ndi ana a zipere, mzere mpaka kumsewu.

"Ansembe, ndivule pompano?" anafunsa kalipentalayo, atagwira lamba.

Alamu anati akatenge kaye mafuta odzozera, n'kutulukira khomo lakuseri, chikwama chili kukhwapa.

Masana mayi anapha nkhuku ina. Mwana wachitsiriza anatembenuzatembenuza ntchafu m'manja.

"Amayi, ichi amayambira pati kudya?"