Tsiku limene Malizani anatamanda Venansio

Venansio Namaona anasuzumiranso pazenera la kachipinda ka kuseri kwa holo ya ku Zingwangwa, n'kumwetulira yekhayekha. Anthu ankabwera ndithu.

Unali msonkhano woyamba wa bungwe la ojambula zithunzi a mu Blantyre, ndipo masana ake kunali chisankho cha wapampando. Chinali chaka cha 1995, pamene aliyense wokhala ndi chidindo ankayambitsa bungwe. Venansio mpandowo unkamusowetsa tulo. Womupinga anali mmodzi: Malizani wa situdiyo ya ku Bangwe, munthu wapakamwa, amene ankauza aliyense kuti Venansio akakujambula umatuluka wopanda mutu.

Ndiye Venansio anati msonkhanowu aukonza yekha, anthu adzaone okha, ngakhale kuti sabata yathayo malungo anali atamugoneka m'chipatala. Ndipo mwamuna uja sanasiye kanthu. Nsalu yachikasu anaikana, yabuluu anaikana, yofiira ndi yobiriwira nazonso ayi, kuopa kuti wina angati ndi msonkhano wa chipani. Anayala yoyera basi. Tenti anakapempha kutchalitchi. Pakhomo anaimika chithunzi chake chachikulu, cha suti, n'kuchizunguliza maluwa kuti ovota asaiwale nkhope. Lole ya mipando itafera pageti penipeni m'mamawa, iye sanataye mtima. Anadikira makaniko, n'kukankha nawo mpaka inalira n'kumapita.

Mlembi wa bungwe, Hajara, anali atapita ku Limbe kukatenga zakumwa. Venansio anadzitsekera m'kachipindamo kuti aloweze zokalankhula, adzatulukire pa nthawi yake ngati bwana.

Koma zimene ankaona pazenerapo, abale inu! Minibasi ya ku Zingwangwa, imene siidziwa kuyenda opanda phokoso, itafika pafupi inazimitsa nyimbo. Wapanjinga anatsika n'kumaikankha. Ojambula anzake, makamera ali m'khosi, ankaima pachithunzi paja n'kuvula zipewa. Ngakhale osaitanidwa analowa, amayi a m'deralo n'kukhala pansi mwaulemu, mipando kusiyira abambo. Panalibe wofunsa za tiyi kapena za alawansi. Pamsonkhano wa anthu a m'tauni, zimenezo munazimvapo kuti?

"Kutchuka ndi kumeneku," Venansio anadziuza, mtima uli myaa.

Kenako Malizani anatulukira. Venansio anakukuta mano, kudikira chipongwe. Koma mkulu uja anaima nthawi yaitali pachithunzipo, natulutsa kampango, natembenukira anthu.

"Abale anga, ine ndi munthu uyu takanganapo kwambiri, koma lero ndinene chilungamo," anatero Malizani. "Kamera ndinaphunzira kwa iyeyu. Zodula mitu zija ndinkangonena, inali nsanje chabe. Woyenera mpando uja ndi uyu, ine sindingafanane naye."

Anthu anang'ung'udza movomereza. Venansio misozi inalengeza. Mavoti onse aja analowa m'thumba asanatsegule n'komwe pakamwa. Anakonza tayi, napukuta nsapato kumbuyo kwa thalauza, natsegula chitseko, manja ali tambasu.

"Zikomo achimwene! Lero ndiye mwalankhula ngati munthu!"

"Mayo ine!" anakuwa mayi wina, n'kuliyatsa liwiro, patapata m'manja.

Mipando inagwa. Mzati wa tenti unazuka. Bambo wina wa mimba yake analumpha mpanda wa waya osaukhudza, kamera ikumumenya pamsana. Venansio anawathamangira mpaka pageti, akufuula kuti bwererani, zakumwa zili m'njira, chisankho sichinachitike.

Pagetipo ndi pamene anaima. Uku ndi uku, pamsewu panali nthambi za mango zimene dalaivala wa lole ija anayala m'mamawa pochenjeza magalimoto, ndipo palibe anakumbuka kuzichotsa. Ku Zingwangwa ngakhale mwana amadziwa kuti masamba pamsewu ndi maliro.

Malizani anasuzumira kuseri kwa tenti, napinda kampango kake bwinobwino.

"Uli moyo eti? Ndiye zonse ndanena zija ndabweza."