Pepani wa a Mike

Asiyatu anatula dengu la mapichesi pakhomo, khosi lili gwa chifukwa cha mtunda wa ku Phiri la Zomba. M'chipinda munkamveka mawu a mwamuna wake, Mahmud, ofewa ngati thonje.

Chipezereni ntchito yoyankha mafoni a kampani ya makompyuta ya ku Amerika, Mahmud ankangokhala m'nyumba ku Sadzi konkuno, zomvera zili m'makutu, dzina lake la pantchito lili Mike. Lero mzimayi wina wa kutsidya kwa nyanja ankamukalipira, iye akungopepesa m'Chingerezi, kachitatu, kachinayi, mpaka mzimayiyo anayamba kuseka naye.

Asiyatu anakhwekhwereza dengu lija mwaphokoso. Zaka zisanu ndi ziwiri m'banja, pakamwa pamenepo panali pasanatulukepo pepani wa iye.

Foni itatha, Mahmud anasuzumira pakhomo.

"Iwe, chepetsa phokoso. Anthuwa asadziwe kuti ndili ku Malawi."

Asiyatu anapukuta manja pachitenje, natenga foni yake.

"Ndipatseni nambala ya kampaniyo."

"Ya chiyani?"

"Ndikufuna ndiyankhule ndi a Mike. Ndamva kuti iwowo amadziwa kupepesa mkazi."