Masamba Pamsewu

Masiku ano uthenga wa maliro umabwera ndi tsamba la nkhani la pafoni basi, likapima nkhope yako n'kuona kuti mtima upirira. Kuuzana pakamwa n'koletsedwa. Nzeru imeneyi inachokera m'kafukufuku wa Tiyanjane, mwana wa Nangondo, ndipo ndi imene inamupatsa udokotala kuyunivesite.

M'mawa wina Nangondo anapeza masamba atayalidwa pamsewu wa kunyumba kwake. Azimayi ankatutira nkhuni pabwalo pake osamuyang'ana. Mwana wake Kambani, wa ku Joni, sankayankha foni.

"Tiyanjane, masambawa ayalira ndani?" Nangondo anafunsa mwana wakeyo, amene anaima pakhomo.

"Tsegulani foni, amayi. Koma musanjenjemere, ikukuonani."

Nangondo anapukuta misozi ndi chitenje, n'kudzikakamiza kumwetulira. Foniyo inamupima nkhope, n'kumubweretsera nkhani ya mvula ya chaka chino.